Mapanga Awiri Avumbwitsa

Loweruka lapitali tulo tanga tinathera pa pepala limodzi. Mwana wa achemwali anga anaitanidwa ku intavyu ya ntchito ku Lilongwe, Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa, ndipo kalatayo inanenetsa kuti apite ndi satifiketi yake ya MSCE yeniyeniyo, osati ya fotokope. Kutangoda foni inalira. "Amalume, satifiketi ija sikuoneka. Kapena inatsalira kwanuko?" Kwathu ikanadzatani? Komabe ndinavala nsapato n'kutsetsereka.

Ndinapeza m'nyumba muli ngati mwadutsa mbava. Matiresi ataimikidwa kukhoma, sutikesi ya pamwamba pa wadirobu ili yasa pakati pa balaza, mapepala ali mbwee pamkeka. Alamu anga atakhala pampando, dzanja lili patsaya, akungobwereza mawu amodzimodzi: "Ndinaisunga pabwino. Ine sinditaya chinthu."

Ndipo sankanama. Alamu anga si munthu wauve, si wotayirira. Malaya awo amasitidwa mpaka kolala kuima nji. Chowavuta n'chakuti malo abwino ali nawo ambiri. Usiku umenewo ndinawerenga asanu: sutikesi ija, envelopu ya khaki ya pansi pa matiresi, m'kati mwa Baibulo lalikulu, katoni imene inatsala kumudzi kwa mayi awo pamene ankasamuka, ndi dirowa ya kuofesi. Malo aliwonse anali ndi mapepala ofunika, ndipo panalibe malo amene akanalumbira kuti satifiketiyo ili m'menemo.

Nkhani ya mwambiwu tonse timaidziwa: mvula yagundika, munthu waona mapanga awiri, athamangira ili, aganiza za lija, abwerera, mpaka wanyowa chonyowa mapanga onse ali gwa. Timakonda kuuponyera mnyamata wa zibwenzi ziwiri kapena munthu wosadziwa mpingo wake. Ine ndikuti mwambiwu ukunenanso za m'nyumba mwathu momwemu, ndipo amene umawaluma kwambiri ndi anthu osamala. Waulesi amaponya chilichonse pathebulo limodzi, ndipo tsiku la tsoka amakachipeza pomwepo, chili ndi fumbi ndi dontho la tiyi. Wosamala ndiye amabisa. Lero abisa apa, mwezi wamawa aona kuti apa ana afikapo, asunthira apo, Disembala akamapenta nyumba asunthanso. Chinthu chasungika, inde, koma chasungika kwa mwini wake yemwe.

Taganizani mapepala amene banja limodzi la m'tauni limakhala nawo masiku ano. Chiphaso cha unzika chimene ambiri tinalembetsa mu 2017, chomwe popanda icho kubanki sakuyang'ana ndipo nambala ya foni sulembetsa. Mabuku a kuchipatala, aliyense lake, ndi makadi a kusikelo a ana. Masatifiketi a sukulu, kalata ya ukwati, kalata yolembedwera ntchito, mapepala a penshoni. Malisiti a lendi ndi a fizi. Kapepala kamene munasainirana pamaso pa amfumu pogula puloti. Zonsezi zikhoza kukwana mu fayilo imodzi ya pulasitiki yokhala ndi zipi, yotchipa kuposa nkhuku. Fayiloyo ilowe m'chitini kapena m'bokosi lotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lachinyezi, chifukwa chiswe ndi mbewa sizidziwa kusiyanitsa satifiketi ndi nyuzipepala yokulungira zitumbuwa. Pepala likatuluka kukagwira ntchito, libwerere tsiku lomwelo, musanavule nsapato. Mawu akuti "ndiika mawa" ndi amene amakumba phanga lachiwiri.

Malisiti ena, aja osalala otuluka m'timakina ta m'sitolo ndi m'banki, amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha. Ngati lisiti lotere ndi umboni wakuti munalipira fizi, lichiteni fotokope sabata yomweyo. Ndinaonapo mayi wina akutambasula pepala loyera mbee pamaso pa kalaliki wa pasukulu, akulumbira kuti manambala analipo.

Zing'onozing'ono nazo n'chimodzimodzi. Makiyi akhale ndi msomali wawo kuseri kwa chitseko. Machesi, kandulo ndi tochi zikhale pamodzi pamalo amene mungawafike mumdima, osati magetsi akazima aliyense n'kuyamba kupapasa kabati yake. Nambala ya mita ilembedwe pakhoma pafupi ndi mitayo. Sindichedwapo, izi ndi zodziwika.

Kumaofesi ndiye kuli manyazi. Munthu mmodzi ali ndi dayale, ali ndi kalendala ya m'foni, ali ndi timapepala tomata pakompyuta, ndipo zina amati "ndazisunga m'mutu". Msonkhano walembedwa penapake, koma pati? Kalata imodzi ili pakompyuta, ili pa fulashi, ili pa imelo, ilinso pa WhatsApp, ndipo iliyonse yakonzedwa mosiyana pang'ono. Tsiku lotumiza amatumiza yolakwika, kenako mlandu ugwera mesenjala. Wogulitsa muokala amene amalemba ngongole zina m'kope, zina pachikutiro cha katoni ya sopo, sayenera kudabwa mpamba ukamatha. Sankhani buku limodzi, zonse zizilowa m'menemo, ngakhale likhale kope la mwana wa sitandade 3.

Koma chimene chinandipsetsa mtima usiku uja si kuchuluka kwa malo kokha. Ndinafunsa achemwali anga kuti, "Nanga inu simudziwa kumene bambo amaika mapepala?" Anangoseka kaseko kowawa. "Achimwene, zaka 24 ndili m'nyumba muno, envelopu iyo ndaiona lero." Apa ndiye pali nthenda yathu amuna. Timabisira akazi athu mapepala ngati kuti ndi adani, ati angadziwe malipiro athu, ati angadziwe za puloti. Ndiye tsiku limene tagona osadzuka, mkazi ndi ana amayamba kuyenda m'maofesi manja ali m'khosi, akufunsidwa mapepala amene sanawaonepo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana kwa achibale olanda katundu, koma lamulo silingakumbe pansi pa matiresi kufuna pepala limene mwini wake anabisa. Kubisa kotero ena amakutcha kusamala. Ine ndimakutcha kuuma mtima. Phanga limene ukulidziwa wekha silithandiza ana ako ikawapeza mvula iwe kulibe.

Ndikudziwa wina anena kuti kuika zonse pamodzi n'kuika moyo pachiswe: nyumba ikapsa, zonse zapita. Ndivomera, ngakhale monyinyirika. Amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche kulowa m'nyumba za ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangatsutse zimenezi. Anthu anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Chotero jambulani pepala lililonse pafoni, mudzitumizire pa imelo, ndipo fotokope ina mukasiye kwa m'bale wokhulupirika. Koma taonani kusiyana kwake. Chimene chapita kwinako ndi chithunzi, pepala lenileni malo ake ndi amodzi, ndipo aliyense m'nyumba akuwadziwa. Ndiponso madzi akamalowa pakhomo, amene ali ndi fayilo imodzi amangoitola n'kuthawa nayo. Wa malo asanu ayambira pati? Ndivomeranso kuti pali mabanja ena amene muli mwana wosolola kapena mwamuna woti akaona pepala la puloti akalipinyolitsa kwa akatapila. Kumeneko bisani ndithu. Koma mabanja otero alipo angati, poyerekeza ndi amene amangobisirana mwa chizolowezi?

Satifiketi ija inapezeka Lamlungu masana. Alamu anakumbukira m'bandakucha kuti chaka chatha anapita nayo kuntchito kukaichita fotokope, n'kuitsekera mu dirowa kuti isapindike. Panafunika kukatulutsa m'tchalitchi munthu wosunga makiyi a ofesi, kumulipirira kabaza, ndi kumupepesa kambirimbiri. Mnyamata anakwera basi ya madzulo maso ali psuu, osawerengako ngakhale tsamba limodzi la zimene anakonzekera, ndipo anafika ku Lilongwe usiku.

Lachiwiri ndinadzera mu Limbe n'kugula fayilo ya zipi yobiriwira, ndipo madzulo ndinakaipereka. Alamu anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mwachita bwino alamu. Imeneyi ndikaisunga pabwino." Asanadzuke n'komwe pampando, achemwali anali ataitsomphola kale.