Ntchito Imene Mwini Firiji Saiona

Wachinyamata akamasankha koleji yoti akaphunzireko kukonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, achibale amafunsa zodziwika kale: fizi ndi zingati, maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi TEVETA kodi, nanga akamaliza ntchito akaipeza? Ndi mafunso oyenera ndithu. Koma pali lina limene silimveka pabwalo, lomwe ndikuona kuti ndilo lalikulu: kodi sukuluyo idzaumba munthu wochita zotani pamene palibe womuyang'ana?

Funsoli likumveka ngati la paguwa, koma gwero lake ndi ntchito yeniyeniyo. Kalipentala akakhoma mpando wopendekeka, wogula amauona pomwepo. Wokonza firiji amalimbana ndi chinthu chosaoneka, chotsekeredwa m'timapaipi kuseri kwa bokosi. Gasi wa m'firiji satha ndi kugwira ntchito, amangozungulira, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Mmisiri wokhulupirika amapaka thovu la sopo molumikizira monse mpaka apeze podontha, amawotcherera, amayamwa mpweya ndi chinyezi ndi pampu, kenako n'kuthira gasi woyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa kachikwangwani ka firijiyo. Wachidule amangothira gasi, n'kupinda ndalama. Tsiku limenelo mafiriji onse awiri azizira chimodzimodzi, eni ake athokoza. Kusiyana kudzaoneka patapita miyezi, mwina pa nyama yoonongeka m'butchala, mwina pa katemera wa ana yemwe amayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Ena anena kuti kukhulupirika ndi za makolo, mpingo ndi mzikiti, ndipo koleji ingopereka luso basi. Maganizo amenewa amaiwala kuti mtima wabwino wopanda chidziwitso umaononganso. Cha m'ma 1930, Thomas Midgley ndi anzake ku America anabweretsa gasi wa CFC kuti alowe m'malo mwa amoniya ndi sulphur dioxide, omwe ankavulaza anthu akadontha m'nyumba. Cholinga chinali chopulumutsa miyoyo. Mu 1974, Mario Molina ndi Sherwood Rowland anaonetsa kuti gasiyu akakwera kumwamba amadya ozoni, yemwe amatchinga dziko ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti pamwamba pa Antarctica ozoniyo wapyapyala moopsa. Ndicho chinabala pangano la Montreal la 1987 lochepetsa magasi a CFC. Magasi a HFC amene anabwera pambuyo pake sadya ozoni, koma amatenthetsa dziko: kilogalamu imodzi ya R-134a imasunga kutentha kuposa makilogalamu 1,000 a carbon dioxide, n'chifukwa chake mu 2016 maiko anagwirizana ku Kigali kuti nawonso achepetsedwe. Midgley sakanatha kudziwa zonsezi. Mmisiri wa lero amene amadula paipi n'kusiya gasi akufwenthera m'mwamba akanatha kudziwa. Umbuli umene munthu anali ndi mpata wouchotsa sumutsuka mlandu, ndipo mpatawo nthawi zambiri umakhala kusukulu imene anasankha.

Komanso kudziwa kokha sikukwanira. Aristotle ankaphunzitsa kuti munthu amakhala wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza, mpaka zitamulowerera. Akuluakulu athu anangoti mmera mpoyamba. Wophunzira amene mphunzitsi wake amamubweza kuti akayambirenso chifukwa wadumpha pampu, dzanja lake limazolowera kusadumpha, ndipo tsiku limene ali yekha m'nyumba ya mayi wosadziwa kanthu za kompresa, dzanjalo limachita zimene linazolowera, mtima usanayambe n'komwe kudzikambirira. Baibulo nalonso silisiyanitsa luso ndi kuopa Mulungu monga tichitira ife: pa Eksodo 31, luso la Bezaleli losula zitsulo ndi kusema mitengo likutchulidwa ngati mphatso ya Mzimu wa Mulungu. N'zodabwitsa kuti m'mipingo yathu timapempherera kwambiri ana opita ku yunivesite, a ovolosi n'kungowatsanzika.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi umphawi. Mwana wa mlimi amapita kumene wasankhidwa, kapena kumene kuli wachibale womusunga, ndipo kumuuza kuti asankhe mwa chikumbumtima kungaoneke ngati kumunyoza. Izi n'zoona mbali ina, ndipo amene alibe chosankha alibe mlandu. Koma sukulu yabwino siidziwika ndi kukwera kwa fizi kapena penti wa pageti. Ndiponso woyamba kupwetekeka ndi maphunziro osalongosoka ndi wosaukayo. Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba amayendera R-600a, gasi woyaka, ndipo amene anangophunzira poonerera kwa amisiri a nthawi ya gasi wakale wa R-12 akhoza kuyandikiza moto wowotcherera pa paipi imene mukadali gasi. Nkhope yopsa ndi yake. Zonena kuti Malawi ndi dziko laling'ono lomwe gasi wake sangasinthe nyengo sizitifikitsa patali. Kuchepa kwa chobedwa sikunasandutsepo kuba kukhala chilungamo.

Choncho amene ali ndi mwayi wosankha, ngakhale pakati pa sukulu ziwiri zokha, awononge ya minibasi akaone wekishopu asanalipire. Aone ngati pampu yoyamwira mpweya ikugwira ntchito kapena yangokutidwa ndi fumbi. Afunse ngati pali makina ndi silinda zokokera gasi wakale, ndi kuti ophunzira angati amagawana geji imodzi. Akapeza wa chaka chomaliza, amufunse kuti amayamba ndi chiyani firiji ikasiya kuzizira, ndipo amvetsere ngati atchule zofunafuna podontha kapena angothamangira kuthira gasi.