Kodi Bala la Yani Liyambe Kumangidwa?

Pa 13 Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi ya Guendolen inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay. Nyanja inakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo kuyambira mu 1916 asilikali a Jenerale Northey ankatsikira m'madoko a gombeli polowera ku Songea. Ovulala ndi odwala ankabwerera kunyanja atanyamulidwa pamachila.

Pangano la ku Geneva la 1906 linkalamula kuti wovulala asamalidwe posayang'ana mbali imene akumenyera. Komabe zipatala za nkhondoyi zinkalekanitsa Azungu ndi anthu akuda, ndipo atengatenga, omwe ankasenza katundu ndi machilawo, ankakumbukiridwa pomalizira. Malungo, kamwazi ndi njala zinapha anthu ochuluka kuposa zipolopolo.

Kodi tsono kuchiza msilikali kuti abwerere kunkhondo ndi chifundo, kapena n'kunola khasu lobuntha? Wina anganene kuti mankhwala akachepa, dokotala ayenera kusankha. Zoonadi. Koma kusankha poyang'ana kukula kwa bala n'kosiyana ndi kusankha poyang'ana khungu kapena phindu la munthu. Kusankha koyambako kumavomereza kuti ululu ndi umodzi. Kwachiwiriko kumayeza munthu ngati chida.

Dokotala amene anamanga bala la msilikali, Mzungu kapena wakuda, anachita bwino. Mlandu watsalira dongosolo limene linafikitsa wovulala kuchipatala, n'kusiya amene anamusenza akufa ndi kamwazi m'mbali mwa njira.