MLENDO NDI KALUMO KAKE

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri yokamba za mlendo. Wina umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Woyambawo umatilangiza kuti tisanyoze nzeru za munthu wochokera kutali. Wachiwiriwo adaunena pofuna kuti tizisamala alendo, komabe ukutikumbutsanso kuti munthuyo sadzakhala nafe mpaka kalekale. Masiku ano mlendo safika ndi ndodo ndi kaphukusi ayi. Amafika ndi makina, ndalama zakunja ndiponso magalimoto akuluakulu odzanyamula zokolola zathu. Kodi mlendo wotereyu timuyese ndi muyeso wanji kuti tidziwe ngati kubwera kwake kuli kotipindulira?

Boma la Mchinji ndi poyambira pabwino, chifukwa kumeneko ngakhale liwu loti mlendo limavuta kulimasulira. Malire a Malawi ndi Zambia adalemba ndi atsamunda, amene adamanga malinga awo ku Fort Manning ndi ku Fort Jameson, komwe lero tikuti Mchinji ndi Chipata. Koma Mchewa wa kwa Mkanda akapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi sapita kuchilendo, ndipo Mngoni wa kwa Mlonyeni sayesa Mpezeni mfumu ya eni. Mayi wa ku Chipata wodzagula nyemba pa msika wa Kamwendo angathe kukhala mlamu wake wa wogulitsayo. Motero chiphaso cha dziko si muyeso wokwanira.

Maboma nawo achita khama kutsegula khomo limeneli. Njanji yochokera ku Lilongwe idafika ku Mchinji mu 1980, koma kachigawo kakafupi kokafika ku Chipata kadatsegulidwa mu 2010, patapita zaka makumi atatu, ndipo kwa zaka zingapo pambuyo pake sitima sizidayendepo kwenikweni. Bungwe la COMESA lidakhazikitsidwa mu 1994 pa msonkhano wa ku Lilongwe, ndipo mu 2000 Malawi ndi Zambia adali m'gulu la maiko oyamba kuchotserana msonkho wa pachipata pa katundu wopangidwa m'maiko mwawo. Mu December 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema adatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pamene woyenda amaima kamodzi kokha m'malo moima kawiri. Zonsezi n'zoyamikika. Koma khomo silisankha chodutsa. Ngati kutuluka kukutuluka mtedza, soya ndi fodya zosakonzedwa, kulowa n'kumalowa simenti, sopo ndi zakumwa za m'mabotolo, ndiye kuti kukula kwa khomolo kwangofulumizitsa malonda amene phindu lake lalikulu limatsalira kwa wokonza, osati kwa wolima.

Tiyeni tikhazikike pa mtedza, pakuti mbiri yake ikutiphunzitsa zambiri. M'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980 mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu uja, unkagulidwa ndi ADMARC, kusankhidwa bwino, n'kutumizidwa ku Ulaya, makamaka ku Britain. Pofika kuchiyambi kwa m'ma 1990 msika umenewu udali utatsala pang'ono kutheratu. Zifukwa zidalipo zingapo, koma chachikulu chidali chuku. Mtedza ukapanda kuuma bwino, kapena ukanyowa uli m'thumba, umachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, safa ndi moto wokazingira, ndipo amaononga chiwindi. Maiko a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo awo pa za poizoniyu pa nthawi yomwe kuno kugula mbewu kudatsegulidwa kwa aliyense, kuyambira mu 1987, ndipo ntchito yosankha mtedza idalowa pansi.

Pamenepa mpamene nkhani ya malonda isanduka nkhani ya chikumbumtima. N'kosavuta kunena kuti azungu adatitsekera msika mwankhanza. Koma aliyense amene adakulira kumudzi akudziwa chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti makoko afewe poswa, ndiponso kuti ulemere pa sikelo. Mlimi wochita zimenezi ukamufunsa amayankha kuti venda naye adachenjeretsa sikelo yake. Venda ukamufunsa amati akudziteteza ku madzi ndi mchenga wa mlimi. Aliyense akubera mnzake poopa kuberedwa, ndipo mapeto ake dzina la mtedza wa dziko lonse ndilo liipa. Choopsa china n'chakuti mtedza wokanidwa sautaya: umabwerera m'mtondo, n'kusanduka nsinjiro za m'ndiwo za ana athu omwe. Tisanaweruze mlendo, tivomereze kuti mwini mudzi naye ali ndi mangawa ake pa malonda, ndipo oyamba ndiwo kugulitsa chinthu chimene iye mwini angadye mosaopa.

Mtedza womwewo udabweretsanso mlendo wa mtundu wina. Mu 2004 alimi a bungwe la MASFA, nthambi ya NASFAM m'boma la Mchinji, adalandira chiphaso cha Fairtrade, ndipo mothandizana ndi bungwe la ku London lotchedwa Twin adayambanso kugulitsa mtedza m'masitolo a ku Britain. Wogulayo sadangofika ndi sikelo. Adalimbikira kuti alimi aphunzire kuumitsa, kusankha ndi kupimitsa mtedza wawo, ndipo pamene kampani ya Liberation Foods idakhazikitsidwa mu 2007, mabungwe a alimi, kuphatikizapo a kuno, adapatsidwa gawo la umwini. Ndalama zapadera zochokera ku malondawo zidamanga nyumba yogonamo osamalira odwala pa chipatala cha boma cha Mchinji. Twin idagwa mu 2019, monga mame aja. Koma mlimi amene adaphunzira kuzindikira mtedza wa chuku sadaiwale chifukwa choti ofesi ina yatsekedwa ku London.

Apa mpamene miyambi iwiri ija ikumana. Popeza mlendo adzachoka, funso loyenera kumufunsa si lakuti wabwera ndi ndalama zingati, koma lakuti kalumoko kadzatsala m'manja mwa yani. Pali mlendo amene amakumeta bwino ndithu, nakulipiritsa, n'kubweza kalumo m'thumba. Tsitsi likamera uyenera kumudikiranso. Pali wina amene amameta mwana wako akuonerera, mawa n'kumugwiritsa chogwirira. Chilumba cha Mauritius, chomwe ndi chinzathu mu COMESA, chidakhazikitsa lamulo lokopa mafakitale otumiza katundu kunja mu 1970. Kudafika eni chuma ochokera ku Hong Kong ndi makina osokera zovala, ndipo eni dziko, pogwiritsa ntchito phindu la shuga, adaphunzira ntchitoyo n'kutsegula mafakitale awoawo. Ife tidakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 1995. Mafakitale a zovala adabwera, anthu adalembedwa ntchito, koma misika ya ku South Africa ndi ku America itasintha ambiri adatseka, osasiya Amalawi okwanira oti n'kupitiriza. Lamulo lidali lofanana. Chosiyana chidali chotsala.

Wina angatsutse kuti wanjala sasankha mbale. Mnyamata amene watsiriza Fomu 4 n'kumangokhala pa Waliranji akupalasa kabaza safuna kumva za kalumo. Akufuna malipiro a mwezi uno. Dziko losowa ndalama zakunja likachulutsa zofuna, mwini chuma amangodutsa n'kukamanga fakitale yake ku Lusaka. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo woinyoza ndi amene sadagonepo ndi njala. Ntchito ya malipiro ochepa ingathe kukhala poyambira. Komabe pali kusiyana pakati pa poyambira ndi pokhalitsa. Boma likakhululukira kampani msonkho kwa zaka zambiri, ndalama zimenezo ndi za mwana wosowa desiki ndi za wodwala wosowa mankhwala. Iwowa ndiwo alipira, choncho ali ndi ufulu wofunsa kuti agula chiyani. Ngati yankho lake ndi ntchito zonyamula matumba zokha, popanda Mmalawi ndi mmodzi yemwe wophunzira kukonza makinawo, ndiye kuti agula mame.

Tisaganizenso kuti kudyera anthu masuku pamutu ndi khalidwe la obwera okha. Maesiteti a fodya amene adafalikira m'maboma a Mchinji ndi Kasungu m'zaka za m'ma 1970 ambiri adali a Amalawi anzathu. M'menemo matenanti ankalima chaka chathunthu akudya chimanga cha ngongole, ena n'kutuluka chimanjamanja pambuyo pa malonda. Mpaka mu 2021 mpamene Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa utenanti. Muyeso umene tikuyesera mlendo wa ku China kapena ku India uyeneranso kuyesa mwana wa mudzi amene walemera.

Chomwe chimapatsa chiyembekezo n'chakuti kukonza mbewu si ntchito ya kutali monga timaganizira. Ku Chipata, mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera pa boma la Mchinji, bungwe la COMACO limagula mtedza kwa alimi ang'onoang'ono n'kupanga chiponde cha m'mabotolo chogulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Kuno, nzeru yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chimodzi chopanga idachokera ku Oita m'dziko la Japan, ndipo boma lidailandira mu 2003. Pa Kamwendo alimi adapanga kopaletivi yoyenga mafuta ophikira. Timafakitale totere timafuna magetsi osazimazima, chiphaso cha bungwe loona za miyezo, ndi mpendadzuwa kapena mtedza wokwanira kugaya chaka chonse, pamene alimi ambiri amagulitsa zonse m'miyezi ya May ndi June kwa woyamba kufika ndi ndalama m'manja.