Mphika Umene Unabisidwa Kuseri kwa Chitseko

Miyezi yapitayi tinali pa ukwati wina m'tauni. Itakwana nthawi ya perekani-perekani, mkulu woyendetsa mwambo anagwira chimkuzamawu nayamba kuitana anthu m'magulumagulu: akuchimuna, akuchikazi, anzawo a kuntchito, a kumpingo. Aliyense anapita kutsogolo akuvina, naponya ndalama m'lichero, ndipo amene anali ndi mphatso zokutidwa m'mapepala onyezimira anazikweza m'mwamba kuti onse aone. Koma agogo ake a mkwatibwi, amene anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kumudzi, sananyamuke pampando. Iwo anabwera ndi mphika woumba okha, wokulungidwa m'chitenje chakale, ndipo anauika kuseri kwa chitseko. Tinawamva akunong'oneza kamdzukulu kena kuti, "Iwe, ukampatse mkulu wako anthu akamwazikana. Pano ndingamchititse manyazi."

Mawu amenewa akhala akutisautsa mumtima, makamaka tsopano pamene Khirisimasi ikuyandikira ndipo ambiri a ife tayamba kuwerenga za m'thumba. Kodi ndani anawaphunzitsa agogo aja kuti ntchito ya manja ao ndi yochititsa manyazi? Iwo sanabadwe ndi maganizo otere ai.

Tiyeni tiyambe taona chimene chinali m'chitenje muja. Mphika suumbidwa tsiku limodzi. Dongo loyenera silipezeka paliponse. Mayi amadziwa dambo kapena chulu chimene chili nalo, ndipo amakalikumba nalisenza pamutu. Akafika nalo amachotsamo timiyala ndi timizu, naliponda kufikira litafewa. Kenaka amaumba, nasalaza, nauyanika pamthunzi masiku angapo, pakuti dzuwa laukali lingaung'ambe. Potsiriza pali moto, umene ulibe chisoni: mwa miphika imene mayi waotcha, ina imatuluka yosweka, ndipo ntchito ya masabata imathera pomwepo. Chomwecho mphika umene unafika paukwati paja unali wopulumuka pa zonsezi, ndiponso pa mabampu a basi. Agogo anayamba kukondwerera ukwati wa mdzukulu wao anthu ena onse asanaganize n'komwe za chovala chimene adzavale.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa mphatso yopanga ndi yogula. Yogula ingathe kupezeka m'mawa wa tsiku la chikondwerero, munthu akuthamangira kutchalitchi, ndipo ikalephera kufika kwa uyu ingathe kupita kwa wina popanda chosintha. Yopanga imafuna kuti munthu akhale akuganizira mnzake masiku ambiri. Mayi woluka juzi ya mwana ayenera kudziwa msinkhu wa mwanayo, ndi kuonjezerapo pang'ono podziwa kuti akukula. Bambo wosema mpini amayeza ndi maso kutalika kwa amene adzalimire khasulo. Mnyamata wopinda mawaya kuti ampangire mng'ono wake galimoto amadziwa ngati mng'onoyo amakonda lole kapena basi. Ndiponso tikumbukire kuti kwathu kuno Khirisimasi imagwa m'dzinja, pamene aliyense ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, nkhokwe zitayamba kupepuka. Mphasa imene munthu alandira m'Disembala, bango lake linadulidwa m'chilimwe.

Makolo athu anazidziwa bwino zimenezi. Pa chinkhoswe, kufikira lero lino, mkazi amalandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache, pamene mwamuna amalandira khasu ndi nkhwangwa. Kale zonsezi zinali zotuluka m'manja a anthu a m'mudzi momwemo: woluka nsungwi, wosema, wosula zitsulo. Wolandira anali kudziwa dzina la amene anapanga chinthu chili chonse.

Komabe tisadzinamize. Si chili chonse chopangidwa ndi manja chimene chili chabwino, ndipo si chili chonse chogulidwa chimene chili chopanda mtima. Alipo anthu oumira amene amabisala kuseri kwa "ndapanga ndekha", napereka kanthu kosokedwa mwamphwayi kamene sakanalola kuti kakhale m'nyumba mwao. Komanso munthu amene wagwira ganyu masiku atatu kuti agulire amayi ake chitenje wapereka thukuta lake ndithu, ngakhale nsaluyo inaombedwa ndi makina. Tinenenso poyera kuti banja latsopano m'tauni limafuna ndalama za lendi, ndipo ndowa ya pulasitiki ndi yopepuka kuposa mtsuko, siswekanso ikagwa. Amene amanyoza zinthu zimenezi kawirikawiri ndi anthu amene sanasenzepo madzi kuchokera kuchitsime. Ife sitikutsutsa ndalama kapena sitolo. Chimene tikudandaula nacho ndi chakuti muyeso watsala umodzi wokha, ndiwo mtengo wogulira, ndipo muyesowo tikuulengeza pa chimkuzamawu. Ndalama imawerengeka pamaso pa anthu. Masiku amene agogo anakhala chiweramire pa dongo alibe woŵawerenga. Ngakhale lichero lija tinali kuponyamo ndalama, panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti analuka ndani.

M'chaka cha 1925, katswiri wina wa ku France wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Marcel Mauss, anatulutsa buku lonena za mphatso. Atasanthula miyambo ya mitundu yosiyanasiyana, anapeza kuti mphatso imayenda ndi maudindo atatu: kupereka, kulandira ndi kubweza. Udindo woyamba ndi wachitatu sitichita kuuzidwa ndi mlendo, pakuti akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Koma wachiwiriwo ndi umene tauiwala. Timayesa kulandira ndi chinthu chongochitika, chosafuna luso kapena khama, ngati nthaka ilandira mvula. Chonsecho kulandira ndi ntchito, ndipo ingathe kugwiridwa bwino kapena moipa. Mwana wa kumudzi amaphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri, atagwada kapena atanyonyomala, ngakhale chimene akupatsidwacho ndi kachinangwa. Ife akuluakulu a m'tauni timalandira ndi manja awiri ndithu, koma maso athu amakhala atayamba kale kufunafuna kapepala ka mtengo.

Tsono yankho la funso lathu lija ndi lowawa: anawaphunzitsa agogo manyazi ndife. Tinawaphunzitsa tsiku limene anatitumizira mkeka wa mlaza ife n'kuupereka kwa wantchito; tsiku limene mwana anatibweretsera khadi lojambula yekha ife n'kunena kuti "chabwino, kaike uko" maso ali pa foni; tsiku limene tinanenerera woluka madengu pamsika kufikira atatsitsa mtengo wosakwana ndi chakudya cha tsiku limodzi, kenaka n'kukalipira m'sitolo yaikulu popanda kutsegula pakamwa. Munthu akaona kawiri katatu kuti ntchito yake yalandiridwa chotero, amaleka, ndipo ana ake saphunziranso lusolo. Kodi iwo angaphunzirenji chinthu chimene amayi ao amachibisa kuseri kwa chitseko?

Manyazi otere si osachiritsika. Pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni ku Mua m'chaka cha 1976, anthu ambiri anali atazolowera kuti chifanizo choyenera kulowa m'tchalitchi ndi chochokera kunja. Amisiri osema a kumeneko anapatsidwa malo ndi ulemu, ndipo zosema zao, pamodzi ndi timakola ta Khirisimasi tokhala ndi nkhope za kwathu konkuno, zinayamba kufunidwa ndi anthu a m'maiko akutali. Luso linalipo kale m'manja mwao. Chimene chinasintha ndi maso a olandira. Koma n'zomvetsa chisoni kuti nthawi zambiri timadikira mlendo kuti ayambe wayamikira, ndipo pamenepo mpomwe ifenso timati, "Inde, n'chokongoladi."

Za mphika uja tinamva pambuyo pake. Kamdzukulu kaja kanachita monga kanauzidwa, ndipo mkwatibwi anaulandira usiku, holo ikusesedwa, agogo atapita kale kukagona kwa achibale. Patapita sabata anauika pa mbaula naphikamo nyemba, ndipo anaimba foni kwa munthu woyandikana ndi agogo kumudzi kuti awathokoze. Agogo atapatsidwa foniyo sanalabadire zothokozazo. Anangofunsa ngati mdzukulu wao anayamba waphikamo phala la madeya asanaikemo ndiwo, ndipo atamva kuti sanatero, anamkalipira kwa nthawi ndithu.