Chikasweka, Mpata Wake Wagwera Yani?

M'nyumba zambiri za ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 muli kangodya kamene alendo saonetsedwa. Kamakhala kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati. M'menemo ndimo mumagona fulasiki yosweka galasi la m'kati, wailesi ya kaseti imene inasiya kuyankhula, ketulo ya magetsi yopsa ndi wotchi ya pakhoma imene inaima kalekale. Eni ake sazitaya, sazikonzetsanso. Amangoti adzagula zina zinthu zikadzayamba kuyenda bwino. Koma kodi chilichonse chimene chawonongeka m'nyumba chiyenera kugulidwanso? Ngati sichoncho, tizindikira bwanji choyenera kuchibwezeretsa ndi choyenera kuchileka kuti chipite?

Funsoli likukhudzanso ife a m'mbali mwa nyanja. Ana ndi abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ndi amene akuchita lendi m'makomboni a ku Lilongwe, ndipo katundu amene amadzaza nyumba zawo amatsikiranso kwathu, pamodzi ndi amene amabwera pa mabasi ochokera ku Johannesburg. Kumudzi, mtondo ukang'aluka amasema wina, lichero likatha amaluka lina, mphika wadothi ukasweka umabwerera kudothi. Mu mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 1 miliyoni, palibe chimene chimabwezeretsedwa popanda ndalama.

Ndalamayo nayo inapepuka. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ziwiya zambiri zamagetsi ndi zagalasi zimachokera kunja, choncho mtengo wogulira china lero uli kutali ndi umene tinagulira choyambacho. Ndalama yogulira chatsopano siigwa kumwamba. Imachotsedwa pa ndiwo, pa fizi, pa lendi, apo ayi imakatengedwa kwa wakatapila, amene chiwongoladzanja chake chimapitiriza kudya banja ngakhale chogulidwacho chitaswekanso. N'chifukwa chake nkhani yooneka yaing'onoyi ili nkhani ya chikumbumtima.

Chinthu chikasweka chimaulula zoona zake. Chikadali chamoyo timachiyesa chofunika chifukwa tinachizolowera. Chikafa m'pamene timaona ngati chinali kutitumikira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Mabanja a ku Area 25 ndi Kawale anaphunzira m'miyezi imeneyo kuti ziwiya zina zamagetsi zinali zongodzaza malo. Nsimbi ya makala inatulukanso, malaya n'kusitidwa ndithu. Makina oonetsera mafilimu a DVD akafa lero, ndani amawalira, pamene foni inalanda kale ntchito yawo? Wotchi ya pakhoma ikaima, ndani amachedwa ku mzikiti? Nanga kapu imodzi ikasweka pa makapu a m'kabati yamagalasi, amene palibe anamwerapo chiikireni, n'chiyani chimene chasowa m'nyumbamo?

Zinthu zotere zambiri sitinazigulire ntchito. Tinazigulira maso a anansi, kuti wolowa m'nyumba adziwe kuti ifenso tili m'tauni. Zina zinabwera ngati mphatso za ukwati ndipo sitinazipemphe. Zinanso ndi zija zotchipa zonyezimira, matochi ndi mipando yopyapyala ya pulasitiki, zimene akuluakulu akanazitcha chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula chotere kachiwiri wagula kusweka kwachiwiri, ndipo mapeto ake ndi kumtaya wa ku Area 38 kapena m'mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi. Zimenezi zikasweka, kuzileka n'kumasuka.

Komatu apa m'pofunika kusamala, pakuti mawu akuti "chimenecho n'chosafunika kugulanso" amatuluka mosavuta m'kamwa mwa munthu amene sachigwiritsa ntchito. Chidebe chachikulu chikabooka ku Chinsapo kapena ku Mgona, kumene mabanja ambiri amagula madzi pa kiyosiki, madzi sasiya kufunika. Mtsikana wa m'nyumbamo ndiye amayenda maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Nyali ikafa, mwana amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8 ndiye amatsinzinira pa kandulo. Neti yoteteza udzudzu ikang'ambika, khanda ndilo limalipira ndi malungo, ndipo ife a kunyanja sitifunika kuuzidwa kuti malungo n'chiyani. Hotipuleti ikapsa, mayi ndiye amapuma utsi wa mbaula m'mawa ndi madzulo, pamene makalawo akudya nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa mzinda wonse. Mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukateteza nkhalangoyo. Tsono onani: m'nyumba momwemo, foni ya bambo ikagwa n'kusweka, ina imapezeka dzuwa lisanalowe.

Muyeso wake, tsono, suli pa mtengo wa chinthucho kapena pa kukongola kwake. Uli pa funso ili: mpata umene chasiya wagwera yani? Ngati papita mwezi wathunthu popanda wochisowa, chinthucho chinafa kale chisanasweke, ndipo kugula china n'kuwononga chuma. Koma ngati mpatawo wagwera pamutu pa mwana, pamsana pa mayi, pa nkhalamba kapena pa wantchito amene sangathe kudandaula, ndiye kuti kugula china ndi udindo, ndipo kukana n'kuumira kumene kwavala mkanjo wa kudziletsa. Chisilamu chili ndi mayina a matenda awiriwa, israf ndi bukhl, kumwaza chuma ndi umbombo, ndipo Surat Al-Furqan imayamikira anthu amene amayenda pakati pa ziwirizi. Pakati pamenepo sapapeza powerengera makwacha okha. Amapapeza poyang'ana nkhope za anthu a m'nyumba.

Pakati pa kugula ndi kutaya palinso njira ya kukonza, imene makomboni a ku Lilongwe amaidziwa bwino. Okhoma zidebe amaika tako latsopano pa poto wobooka, osoka nsapato amakhala pansi pa mitengo m'misika, akalipentala a ku Mchesi amabwezera mwendo wa mpando, amakaniko a ku Biwi amadzutsa galimoto zimene kwina zikanatayidwa. Ndalama yokonzetsera imatsala m'dera momwemo, kudyetsa ana a mnansi. Palibe manyazi m'chigamba: ndi zodziwika kuti Mtumiki Muhammad (SAW) ankadzisokera yekha nsapato ndi zovala zake. Koma kukonza nakonso kuli ndi malire. Waya wa ketulo womangidwa ndi jumbo, m'nyumba zogundizana za lendi, ndi moto umene ukudikira tsiku lake, ndipo moto sufunsa kuti khomo ili ndi la yani. Chiwiya chimene chingavulaze munthu chiyenera kuchotsedwa, kaya china chigulidwa kapena ayi.

Wina angafunse kuti: kodi wosauka alibe ufulu wokhala ndi chokongola? Kodi mbale yamaluwa yotulutsira mlendo pa tsiku la Idi ndi israf? Ayi. Kulemekeza mlendo ndi ntchito, ndipo chinthu chimene chimasangalatsa eni nyumba akachiyang'ana chikuwatumikira ndithu. Moyo wa m'komboni ndi wowawa kale, sitingaulandenso kachisangalalo kake. Chofunika n'kudzifunsa moona mtima ngati tikugula chifukwa cha chimwemwe chathu kapena chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Chimwemwe chimatha kudikira mpaka ndalama itapezeka. Mantha ndiwo amathamangira kwa wakatapila. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ziliponso zina zimene sizigulidwanso chifukwa palibe sitolo imene ingazigulitse. Kapu imene ankamwera malemu agogo ikathyoka chogwirira, yofanana nayo ingapezeke mumsika, koma siikhala yomweyo. Imeneyo isungeni yothyokayo, ana adziwe kumene anachokera.

Banja lililonse likhoza kupatula tsiku limodzi, kuyala mkeka, n'kutulutsa zonse za m'kangodya kaja. Pa chinthu chilichonse woyamba kuyankhula akhale amene ankachigwiritsa ntchito, ngakhale atakhala mwana wamng'ono pa onse, chifukwa mwini thumba la ndalama kawirikawiri sadziwa kulemera kwa chidebe. Chimene palibe wachisowa chipite kwa ogula zitsulo zakutha. Chotheka kukonza chipite kwa mmisiri. Chimene kusowa kwake kukulemetsa wofooka chikhale choyamba kugulidwa mwezi ukatha, foni yatsopano ndi nsalu ya Idi zisanaganiziridwe. Chuma chonse chimene chili m'manja mwathu ndi chosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa m'mene tinachipezera ndi m'mene tinachigwiritsira ntchito. Chidebe cha mtsikana wa ku Chinsapo chili m'gulu la zimene tidzafunsidwezo.