Lembani kalatayo, anzanga a ku Zomba

Inu a m'magulu a chitukuko amene mumakumana ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi ndi kwa Mpondabwino, mudikira mpaka liti? Mfundo munamanga kalekale, buku la alembi ladzaza, mbande zamera m'machubu. Koma ikangofika nkhani yolembera bungwe lothandiza ndi ndalama, aliyense amazolika. Wina akuti Chingerezi chake n'chothyokathyoka, wina akuti thandizo limapita kwa odziwika okhaokha. Chaka chikutha, moto wolusa ukunyambita phiri la Zomba, kalata osalembedwa. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vutoli mukulimva ndinu, ndiye wolemba akhale yani?

Choyamba chotsani mantha. Kalata yoyamba si pulopozo ya masamba 40 ayi. Ndi tsamba limodzi, akachuluka awiri. Ili ngati "odi" wa pakhomo: simuyamba kumasula katundu mwini nyumba asanati "lowani". Ntchito yake ndi imodzi basi, yoti wowerenga anene kuti, "Anthu awa tiwamve bwino, atumize zonse."

Ndipo musadziderere. YONECO inayamba mu 1997 ngati kabungwe ka achinyamata konkuno ku Zomba, lero ili ndi wailesi, ndipo ana m'dziko lonse amaimba 116 akakhala pa mavuto. Akaidi a kundende yaikulu ya Zomba anajambula nyimbo mu 2013 ali m'kati mwa mpanda, ndipo mu 2016 chimbale chawo chinali pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy ku America. Mawu ochokera kuseri kwa zipupa anamveka kutsidya la nyanja. Inu muli pabwalo, cholembera chili m'manja, chikukuletsani n'chiyani?

Musanalembe, fufuzani. Safunsa anadya phula. Bungwe lililonse lili ndi kumene mtima wake uli. Beit Trust, imene inakhazikitsidwa mu 1906, imathandiza m'maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, makamaka pa sukulu ndi zipatala. Press Trust ndi yathu yomwe, ndipo yamanga midadada ya sukulu ndi zipatala m'maboma ambiri. Ena amaika ndalama zawo pa ana, ena pa nkhalango ndi madzi. Gulani bandulo, tsegulani tsamba lawo la pa intaneti, werengani zimene amathandiza, nthawi imene amalandira makalata, ndi magulu amene anawapatsapo. Mukapeza kuti salandira makalata osawaitanitsa, musataye inki, pitani kwina. Kalata imodzi yomwazira mabungwe 20 imadziwika pa mzere woyamba pomwe, ndipo siyankhidwa.

Tsopano lembani. Nenani kuti ndinu ndani, munayamba liti, ndipo munalembetsa kuti, kaya ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kaya ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Kenaka tchulani vuto limodzi, loti munthu angalione ndi maso. Musalembe kuti "kuno kuli umphawi wadzaoneni", zimenezo alemba kale anthu zikwizikwi. Lembani za mnyamata amene amatsika msewu wa ku Chawe m'mamawa, nkhuni zitasanjidwa pa njinga kupitirira mutu wake, nsapato zikukhukhuluzika pa phula kuti njinga isamuthawe. Lembani kuti mitengo ikatha kumtunda, dothi limakokolokera mu damu la Mulunguzi, limene mzinda wonse umamwa. Kumbutsani kuti mtsinje wa Likangala umathira m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018, asodzi a ku Kachulu n'kutsala manja m'khosi. Wowerenga ali ku London kapena ku Lilongwe aone phirilo ngati waima pamwamba pake, pa Emperor's View.

Mukatero, onetsani zimene mwachita kale ndi thukuta lanu. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya kalata. Ngati munasonkherana makobidi n'kugula machubu, nenani. Ngati amfumu anapereka malo a nazale, nenani. Ngati munalambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, nenani kutalika kwake. Mwa mitengo imene munabzala, ina inafa. Lembani imene inapulumuka, osawonjezera ngakhale umodzi. Bungwe limakhulupirira gulu lonena zoona kuposa gulu limene zonse zake zimayenda bwino papepala.

Ndalamazo zitchuleni, musachite nazo manyazi. Mawu oti "chilichonse chimene mungatithandize" amaonetsa kuti simunawerengetsere. Nenani kuchuluka kwake, zimene mudzagule, miyezi imene ntchito idzatenge, ndi chimene mlendo adzapeze akabwera kudzayendera. Onjezani kuti gulu lili ndi akaunti yakeyake kubanki, yosayinira anthu angapo, osati foni ya apampando. Ndipo chenjerani: aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti thandizo lituluke ndi wakuba.

Nanga Chingerezi? Mzinda uno uli ndi University of Malawi, uli ndi aphunzitsi m'sukulu iliyonse. Lembani m'Chichewa zimene zili kumtima kwanu, mupemphe mmodzi akuthandizeni kumasulira, koma maganizo akhale anu. Mawu osavuta ndi omveka amaposa mawu akuluakulu obwereka.

Mwina adzakana. Mwinanso sadzayankha n'komwe. Zimenezo sizitanthauza kuti ntchito yanu ndi yachabe. Opempha ndi ambiri, thumba ndi limodzi. Thokozani, funsani pamene panaperewera, konzani, lemberani ena. Gulu limene lakanidwa lili patsogolo pa gulu limene silinalembe, chifukwa kalata lili nayo kale.

Amayi apampando, itanitsani msonkhano sabata ino. Alembi, bwerani ndi buku lija. Asungichuma, tengani malisiti onse. Musabalalike tsamba loyamba lisanalembedwe, ndipo mwezi uno usanathe, kalatayo ikhale itapita.