KODI MKHRISTU ANGAITANITSE CHINDAPUSA CHIMENE BANKI INAMUDULA?

Ena amati munthu akasaina pangano nkhani yatha, ndipo kudandaula pambuyo pake ndi umbombo. Tiyeni tiyese mau amenewa ndi mlandu umene unachitika ku Britain.

Kumeneko munthu akatapa ndalama zoposa zimene anasungitsa, wopanda chilolezo, banki inkamudula chindapusa cha mapaundi 30 kapena kuposapo, ngakhale atapitiriza ndi mapaundi awiri okha. Chindapusacho chinkakuza ngongole, ngongoleyo n'kubala chindapusa china. Olemera sichinkawakhudza, chinkagwera iwo amene malipiro ao amatha mwezi usanathe. Anthu zikwi zambiri analemba makalata oitanitsa ndalama zao, ndipo mu 2007 bungwe la boma la Office of Fair Trading linatengera kubwalo mabanki 7 pamodzi ndi Nationwide. Mabwalo awiri anakomera bungwelo, koma pa 25 Novembala 2009 bwalo la Supreme Court linagamula kuti lamulo silinalipatse mphamvu yoyeza ngati mtengowo unali woyenera.

Taonani bwino: oweruza sananene kuti chindapusacho chinali cholungama. Ananena kokha pamene lamulo la anthu linalekezera. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu sililekezera pamenepo. Papa Leo XIII anaphunzitsa mu 1891, m'kalata yake ya Rerum Novarum, kuti wantchito wovomera malipiro ochepa chifukwa cha kusowa pogwira wachita kukakamizidwa, ngakhale wavomera ndi pakamwa pake. Nanga wosauka amene sangalandire malipiro ake wopanda buku la kubanki, ndipo mabanki onse akudula mofanana, kodi iyeyo anasaina mwaufulu?

Tsono tisiyanitse zinthu ziwiri. Ndalama imene munthu anatapa ndi ngongole yeniyeni, ndipo ayenera kuibweza yonse, pamodzi ndi mtengo woyenera wa ntchito imene banki inagwira. Koma chimene chapitirira pamenepo ndi phindu lokololedwa pa tsoka la mnzako. Kuitanitsa chimenechi si kubwezera choipa, kapena kukana kukhululuka. Kukhululuka kumachotsa chidani mumtima. Sikusandutsa cholanda kukhala chake cha wolandayo. Zakeyo anakondweretsa Ambuye pamene analonjeza kubweza kanai zimene analanda. Ndiponso bambo wongokhala chete akupereka chakudya cha ana ake, chimene sichili chake yekha.

Ngakhale mlandu uja unalephera, madandaulo sanapite pachabe. Kuyambira mu Epulo 2020 mabanki a ku Britain analetsedwa kudula chindapusa cha tsiku ndi tsiku kapena cha mwezi ndi mwezi pa ngongole yotere.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi a katekisimu, langizani anthu motere: awerenge mapepala a kubanki, alembe kalata yotchula tsiku ndi ndalama iliyonse, asanamizire umphawi umene alibe, ndipo asanyoze kalaliki wa pazenera, pakuti mitengoyo sanaike ndi iye. Aitanitse zao zokha, mwaulemu ndi mosatopa, monga mai wamasiye uja wa m'fanizo amene sanaleke kupita kwa woweruza mpaka mlandu wake unamveka.